Wachitatu Kuchokera Kumanzere

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Bondo lija likuti bwanji? Kuno tili moyo, kungoti kuzizira kwake ngati tinalakwira munthu. Mkamwini wanu akupereka moni. Amachoka m'mawa ndi galimoto la katundu, kubwera kutada, ndiye tsiku lonse ndimakhala ndekha m'kachipinda kathu ka pamwamba, kuyang'ana magalimoto a eni pa zenera.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timayankhulana pa foni. Pa foni inu mumangoti, "Tili bwino, tili bwino, mayunitsi akutha." Nkhani yangayi singakwane mmenemo.

Amayi akuuzani kale kuti ndine woyembekezera. Chimene sindinawauze n'chakuti adokotala andiimitsa ntchito ya kusitolo ija. Akuti magazi akuthamanga kwambiri, ndisamaime pa kauntala tsiku lonse. Ndikhale pansi, ndipume. Ine kupuma, Bambo! Ndasesa m'nyumba mpaka tsache layamba kudandaula.

Sabata yatha namwino ankandifunsa za mayi anga ondibereka: ankadwala chiyani, ankabereka movutikira kapena ayi. Ndinayankha zochepa zimene ndikudziwa. Kenako, mongocheza, anati, "Mumafanana nawo?" Sindikuidziwa nkhope ya mayi anga. Anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Chimene ndimakumbukira ndi msana wawo akutuluka pakhomo, ndi nsapato zikugogoda mofulumira pa masitepe. Basi. Mwana uyu akadzabadwa, anthu adzati mphuno ndi ya uje, makutu ndi a uje, ndipo za mbali ya mayi anga palibe adzanene kanthu.

Ndiye ndayamba kuwasaka pa intaneti. Anthu amati mmenemo muli chilichonse. Ndalemba dzina lawo m'njira zonse, la kwawo, la kwanu, ngakhale molakwitsa dala. Kwatuluka dokotala wa mano wa kudziko lina, mtsikana wothamanga mipikisano, ndi mayi wina wogulitsa mbuzi. Mayi anga mulibe, ngati sanapondepo pa dziko.

Chonde ndithandizeni. Fakitale imene ankagwira inali iti kwenikweni? Anayamba liti? Anzawo anali ndani? Chilichonse, ngakhale chooneka chopanda pake. Ndipo tidzayeseko foni ya vidiyo, ndakusowani nkhope.

Ine mwana wanu,
Kachiwala

3 Malichi

Kachiwala mwana wanga,

Kalata yako yafika, ndipo takondwa kumva kuti muli moyo. Kuno tadzuka. Bondo lili momwemo, limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Mpopi wapakhomo wayambanso kudontha. Amene anabwera kudzaukonza anausiya ukudontha malo awiri.

Nkhani ya mdzukulu ndinaimva. Ndinavinako pang'ono kuchipinda, bondo linandikumbutsa zaka zanga.

Za malemu amayi ako, ankagwira ku fakitale yosoka malaya, ija ya makoma ofiira kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anayamba tisanakwatirane, anasiya atadwala. Inatsekedwa kalekale, pano amasungiramo matayala. Anzawo ndinkangowadziwa nkhope pamene ndinkawanyamula m'basi yanga m'mawa. Mayina anauluka. Zithunzi palibe, iwe ukudziwa kale.

Adokotala anati upume, sanati usake akufa. Unabadwa wosakhazikika, n'chifukwa chake ndinakutcha Kachiwala, koma pano muli awiri m'thupi limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tseka chikompyutacho, ugone.

Za vidiyo usavutike nazo, netiweki kuno ndi yovuta.

Ine bambo ako

21 Malichi

Bambo!

Moni ndipereka kumapeto. Ndawapeza. Ndikuganiza kuti ndawapeza.

Kompyuta sindinatseke, mundikhululukire. Poyamba ndinayesa pulogalamu ina imene umaipatsa nkhope yako, iyo n'kukusakira anthu ofanana nawe. Inandipatsa mtsikana wotsatsa mankhwala otsukira mano, ndi bambo wina wa ndevu. Mkamwini wanu anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ndiye ndinasiya kusaka munthu, n'kuyamba kusaka fakitale.

Pali tsamba lina la anthu amene amatolera zithunzi za mafakitale otsekedwa. Zithunzi mazanamazana, zopanda dongosolo. Ndinkadutsa chimodzichimodzi, makina, machumuni, mabwana ovala mataye, mpaka maso kuwawa. Mphika unapserera kawiri. Lachinayi masana ndinafika pa chimodzi: chipinda chosokera, makina ali m'mizere, ndipo pa zenera lalikulu pakuoneka denga la siteshoni. Pansi pake analemba chaka chokha, ndipo ndi chaka chimene ndinabadwa.

Pafupi ndi zeneralo paima akazi atatu ovala maepuloni. Yang'anani wachitatu kuchokera kumanzere, wa kumapetoyo. Chipumi chija si changa? Mpata wa pakati pa mano? Ndipo waima motsamira mwendo umodzi, monga mmene Amayi ankandikalipirira kuti ndimaima ngati nkhuku pa mvula. Nditamuona, mwana m'mimbamu anagunda. Musaseke.

Ndadula m'mbali mmene munali zosaoneka bwino, ndachikulitsa, ndakasindikiza pa pepala labwino. Chimodzi ndamata pa firiji, china ndi chimene chili mu envulopuyi. Ndimadya nawo chakudya cha m'mawa. Dzulo ndinawauza za adokotala, za mantha anga, zonse.

Koma kompyuta singalumbire, Bambo. Munthu amene angati "ndi iwo" ndinu nokha. Yankhani tsiku lomwelo, ngakhale mawu amodzi pa foni.

Moni kwa Amayi. Zolemba zanu zasintha, mwagula cholembera chatsopano kodi?

Kachiwala

25 Epulo

Bambo,

Moni. Muli moyo kodi? Mwezi wapita. Ku bokosi la makalata ndatsikako mpaka aneba ayamba kundiyang'ana ngati ndili pachibwenzi ndi wa positi. Pa foni ndikafunsa mumati, "Chafika, tikuchiona." Kuchiona mwezi wathunthu? Funso lake ndi limodzi: ndi iwo kapena si iwo?

Ndinalembera eni tsamba lija. Ayankha mwaulemu kuti mayina alibe, wojambulayo anamwalira, zithunzizo anangozipeza m'katoni. Ndalowa m'magulu a pa intaneti a anthu akale a tauni yathu, n'kuikamo chithunzicho. Wina akuti ndi azakhali ake. Wina akuti fakitale si imeneyo. Wina akufuna kundigulitsa malo. Ndafunsa paliponse pofunsika, ndipo ndabwerera pomwe ndinayambira, kudikira inu. Ndikayesa kukhala pansi mpando ukundiwotcha. Magazi akwera, namwino wandikalipira.

Tsopano ndinena mosapsatira. Kalata yanu ija simunalembe ndinu. Zolemba zanu ndimazidziwa, zopendekera kutsogolo ngati zikuthamangira basi. Zilembo zozungulira zija ndi za Amayi. Ndiye ndikudziwanso amene akuwerenga inoyi, ndi amene amasankha zokuuzani.

Ndili mwana ndinaona ndi maso angawa Amayi akutentha za m'sutikesi ya mayi anga kuseri kwa nyumba. Ndinali pa zenera. Sindinanenepo kwa munthu, chifukwa anandilera bwino ndipo sindinafune kusokoneza banja lanu. Koma ngati chithunzi ichinso chapita kumoto, ingondiuzani. Ndisindikiza china, ndi chinanso, mpaka chimodzi chifike m'manja mwanu.

Ine,
mwana wa malemu

12 Meyi

Mwanangu,

Ndine, wa zilembo zozungulira. Landira moni, iwe ndi bambo a kunyumbako. Kalata yako ndinayamba kuiwerenga mokweza monga ndimachitira, koma nditafika pakati ndinayamba kupeka zanga. Bambo ako akudziwa kuti unafunsa za mpopi. Iyi ndikulembera ku shopu, pakati pa mabeseni ndi ndowa, iwo osadziwa.

Bambo ako sakuona. Maso onse awiri achita ng'ala. Zinayamba chaka chatha, kuthira tiyi pambali pa kapu, kupereka moni kwa mtengo wa magetsi. Pano amangoona kuwala ndi mithunzi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, poopa magazi akowo. Komanso manyazi. Munthu anayendetsa basi moyo wake wonse osagundako ngakhale galu, lero azigwidwa dzanja powoloka msewu? Kuchipatala akukana, akuti akawaboola maso. Vidiyo akuithawa chifukwa amayang'ana pambali pa foni, ndipo iwe ukanazindikira. Netiweki yathu ilibe mlandu.

Tsiku limene chithunzi chinafika anapita nacho pa zenera. Anachiika pafupi ndi mphuno, anachitalikitsa, anachitembenuza. Kenako anati, "Iwe ukuona chiyani?" Ndinawafotokozera, chipumi, mano, epuloni. Anati, "Fotokozanso." Ndinafotokozanso. Ine malemu sindinawaonepo, ndikanathandiza bwanji? Kenako anati, "Ndikawaganiza ndimaona diresi, ndimaona mayendedwe. Koma pankhope pali poyera ngati mbale yotsuka. Sindikudziwa kuti inachoka liti."

Ndiye n'chifukwa chake sakuyankha. Akati inde, mwina akupatsa mayi wa eni. Akati ayi, mwina akukana mkazi wawo. Chithunzicho sichinapse. Chili m'thumba la m'kati la jekete lawo, amapita nacho ngakhale kokameta.

Za moto zija, inde, ndinatentha ndine. Chaka chimene ndinalowa m'nyumba mwa bambo ako denga linasasuka ndi mphepo, sutikesi inamwa madzi osadziwa ife. Pamene tinkaitsegula, zithunzi zinali zitamatana kukhala chibuma chimodzi, nkhungu yokhayokha. Ndinayesa kuzimatula ndi mpeni, nkhope zinkatsalira pa mpeniwo. Bambo ako anati, "Zichotse, ine sindingathe." Palibe chimene chinapita kumoto chimene munthu akanachizindikira.

Sindinakwiye. Chabwino, ndakwiya. Ndinalira kuseri kwa ndowa mpaka kasitomala anabwerera pakhomo. Koma uli ndi pakati, ndiye mkwiyowo ndausunga bwinobwino, ndidzakupatsa ukadzachira.

Tsopano ndithandize. Ine sandimvera. Mwina iwe.

Mayi ako okupeza

28 Meyi

Okondedwa Amayi ndi Bambo,

Amayi, pa foni paja ndinangolira osamaliza mawu. Pepani. Ndakhala ndi nkhani imeneyo mumtima zaka zonsezi, pamene inu munali m'chipinda chinacho ndipo ndikanangofunsa. Mkwiyo wanuwo usungeni, ndidzaulandira ndi manja awiri. Ndipo ino muwawerengere yonse, osapeka za mpopi.

Bambo, ndadziwa. Musawakalipire Amayi.

Mwaona kupusa kwanga? Miyezi itatu ndikusaka nkhope ya munthu amene anapita, osadziwa kuti amoyo sakuona. Zimenezo pa intaneti sizinalembedwe.

Koma za ng'ala zinalembedwa, ndipo ndawerenga zonse. Ndaonera mavidiyo a opaleshoni yake mpaka mkamwini wanu wayamba kupita kuntchito ndi chingwe cha kompyuta m'thumba. Saboola diso, Bambo. Amachotsa kagalasi kachita chifungako n'kuikamo kena. Munthu amapita m'mawa, madzulo ali kwawo. Agogo oposa inu akuchita. Ndalama ya mayendedwe ndi ya chipatala tatumiza kwa Amayi.

Mukakana chifukwa cha mantha, ndimva. Koma ndafunsa makina onse a padziko, ndipo palibe akudziwa mayi anga. Ngakhale mukadzayang'ana n'kunena kuti "sindikudziwa," ndikufuna munene mutaona. Ndiponso mu Ogasiti kukubwera munthu amene akufuna kuonedwa.

Kachiwala

19 Juni

Mwanangu,

Moni kwa nonse awiri ndi theka. Khala pansi usanawerenge, ndipo ngati kapu ili m'manja iike patebulo. Pa foni sindinakuuze dala, nkhaniyi ikufuna pepala.

Bambo ako anavomera. Lachiwiri tinapita kuchipatala chachikulu kuti akawayeze. Pageti ndinati tifunse kumene kuli a maso. Iwo ayi. "Ndinkatsitsa anthu pano iwe usanaphunzire kuvala nsapato. Kumanzere." Safunsa anadya phula. Tinakhotera kumanzere, n'kutsata khonde lalitali, n'kukhala pa benchi pamene panali anthu. Tinakhala, tinakhala. Kenako ndinayamba kuona kuti anthu onse pa benchipo maso awo ndi abwinobwino, koma aliyense ali ndi bandeji kumwendo kapena ndodo. Tinali pa mzere wa a miyendo.

Ndisananene kanthu, namwino anatuluka kudzatolera makadi. Bambo ako anapisa m'jekete, n'kutulutsa khadi pamodzi ndi chithunzi chako. Chinagwa, chinatsetsereka pa simenti, n'kukaima pa phazi lotupa la mayi wina wachikulire, wonenepa, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anachitola ndi kubuula. Anachiyang'ana. Kenako anatiyang'ana ife ngati akuba.

"Chithunzi changa mwachitenga kuti?"

Bambo ako anati, "Pepani mayi, n'cha malemu mkazi wanga."

"Malemu? Ine ndafa liti? Ndipo inu bambo, ndinakwatiwa nanu liti?"

Benchi lonse linafa ndi phwete. Mayiwo anatsegula pakamwa kundionetsa mpata wa mano, womwe pano ungadutse njinga. Mwanangu, ndi iwo. Chipumi chomwecho. Wachitatu kuchokera kumanzere ali moyo, akudwala mwendo, ndipo si mayi ako. Ku fakitale ankawatcha Mabatani, chifukwa ntchito yawo inali yosokerera mabatani. Awiri enawo anawatchula pomwepo: wina anamwalira, wina anatengedwa ndi ana ake kutali.

Bambo ako mapewa anagwa. Koma a Mabatani sanawasiye. "Mkazi wanuyo anali ndani?" Bambo ako anatchula dzina. Iwo anapukusa mutu, akuti kumeneko palibe ankaitanidwa ndi dzina la pa khadi. Bambo ako anati, "Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi ya m'mawa."

A Mabatani anakuwa mpaka namwino anasuzumira. "Kamvuluvulu! Inu ndinu a dalaivala a Kamvuluvulu?" Anawagwira bambo ako masaya ndi manja onse awiri, pamaso panga, ine mwini wake ndili pompo. Kenako anabwerera ku chithunzi, n'kukwinya nkhope.

"Koma ndani wandidula dzanja?"

Ndinati, "Dzanja lanji?"

"Ili lakumapetoli. Lathera pachigongono. Ine tsiku limenelo ndinali nditamugwira Kamvuluvulu pamkono. Tinaima anayi, osati atatu. Wojambula anachedwa, kukonza ichi, kukonza icho, mnzanga uja n'kuti nseru yamugwira. Anali ndi pakati pa miyezi yoyambirira. Ndinati pirira, iye ayi. Pamene makina ankati thwa, n'kuti akuthamangira kuchimbudzi, ine ndikukoka mkono. Chithunzi chitabwera anachipachika mu ofesi, ndipo tinamuseka chaka chonse kuti anajambulitsa mkono wokha."

Wamva? Amene anawachotsa mayi ako pa chithunzi ndiwe, kawiri. Koyamba uli m'mimba, kachiwiri ndi kompyuta yako.

Bambo ako anaseka mpaka misozi, kenako sinalinso misozi ya kuseka, ndipo a Mabatani anawapatsa kansalu kawo. Mzere wa maso tinaupeza utatha. Atipatsa tsiku lina, ndipo ulendo uno wofunsa njira ndine.

Lamlungu a Mabatani anabwera kunyumba ndi mwendo wawowo. Chithunzi cha mayi ako alibe, ndafunsa katatu. Koma pakamwa ali napo. Akuti anali wamfupi, wakuda bwino, wa makutu aang'ono, ndipo nsidze imodzi inkakwera yokha akamamva bodza. Ankasoka makolala mofulumira kuposa onse, ankaimba moipa kuposa onse, ndipo sankadya atakhala pansi. A Mabataniwo anachoka kutada, tiyi atatha m'nyumba. Abweranso, kaya tiwaitane kaya ayi.

Chakudza sichiimba ng'oma, mwanangu. Pita ukafufuze chithunzi chonsecho.

Mayi ako

6 Julayi

Amayi, Bambo,

Moni. Kalata yanu ndinawerenga nditaima, sindinamvere.

Poyamba zinandipweteka. Ndinayang'ana pa firiji, mayi amene ndakhala ndikuwauza zinsinsi zanga miyezi yonseyi, ndipo ndinachita manyazi ngati munthu amene wakumbatira mlendo pa depoti. Ndinachimatula. Kenako ndinachimatanso, chifukwa sanandilakwire, ndipo anamvetsera bwino.

Ndinabwerera pa tsamba lija ndikuopa kuti chithunzicho achichotsa. Chilipo. Kumapeto kwenikweni, kumanja, kumene ndinadula poyesa kuti ndi nsalu yolendewera, dzanja la a Mabatani lagwira mkono. Ukuoneka mwachimbuuzi chifukwa ukuyenda. Malaya apindidwa mpaka pachigongono, zala zatambasuka, ndipo pali wotchi. Ndinauona kambirimbiri mkono umenewu, ndipo nthawi zonse maso anga ankaudumpha chifukwa ankafuna nkhope.

Ndatumiza chonse, chachikulu. Bambo, mukatuluka ku opaleshoni muyang'ane.

Masiku ayandikira, miyendo yatupa ngati ya a Mabatani, chikwama chili pakhomo. Mukawaona muwafunse chinthu chimodzi chokha: kodi mayi anga ankaopa? Ine ndikuopa.

Kachiwala

24 Ogasiti

Kachiwala mwana wanga,

Uone zilembo. Zazikulu ngati za pa chikwangwani cha basi, koma ndi zanga. Achita diso limodzi, lakumanja, lina adzachita likapola ili. Chinthu choyamba kuona chinali namwino, chachiwiri amayi ako okupeza. Akalamba osandiuza. Ndinawauza zimenezo ndipo anatsala pang'ono kunditseka diso lomwelo.

Mdzukulu ndamuona pa vidiyo, ndipo ndikufuna ndizimuona tsiku lililonse. Uwauze bambo ake agwire foni mosagwedeza. Nsidze zake ndaziyang'anitsitsa. Sizinayambe kukwera, koma sanamvebe bodza.

Funso lako tinafunsa, ngakhale yankho likupeza utawoloka kale. A Mabatani akuti ankaopa kwambiri, moti sabata yomaliza anasoka makolala awiri chadodolido, ndipo anakana kuti ndi iwo.

Tsopano chithunzi. Ndinakhala nacho pa zenera m'mawa wonse. Nkhope sinabwerere, mwana wanga, ndisakunamize. Mwina sidzabwereranso. Koma mkonowo ndikuudziwa, ndipo apa ndingalumbire pamaso pa aliyense. Ndi wakumanja. Anthu amavala wotchi kumanzere, iwo ankavala kumanja, pofuna kubisa chipsera. Chipseracho ndinawapatsa ndine.

Sindinakuuzepo mmene tinakumanirana. Linali Lolemba, basi itadzaza, ine ndili mnyamata wonyada ndi yunifolomu yatsopano. Ndinatseka chitseko n'kuyamba kuyenda. Ndinangomva kukuwa. Mtsikana wina anabwera chothamanga, n'kulowetsa mkono pa chitseko chikutsekeka, ndipo chitsulo chinamung'amba pamwamba pa dzanja. Ndinaima, ndinatsegula. Analowa magazi akudontha pa masitepe, wamfupi moti anachita kuyang'ana m'mwamba, ngakhale ine ndinali nditakhala.

Anati, "Iwe dalaivala, maso akowo ndi okongoletsera nkhope?"

Ndinati, "Pepani chemwali, tsikani mukwere takisi, mupite kuchipatala."

Anati, "Takisi ndiye wandipweteka? Undiperekeza ndiwe. Ndi basi yomweyi."

Ndinayang'ana pa galasi: anthu odzaza mpaka pakhomo, aliyense akuthamangira kuntchito. Ndinayang'ananso mtsikanayo. Anali atakulunga mkono ndi epuloni, akundidikira ngati palibe china choti n'kukambirana. Pa mphambano, m'malo mokhotera kumafakitale, ndinakhotera kuchipatala. Anthu anatukwana, anamenya mawindo, bambo wina anandiponyera nyuzipepala m'khosi. Iye anaima pambali panga njira yonse, akundiuza kuti ndikuyendetsa pang'onopang'ono ngati maliro.

Kuntchito anandiimitsa sabata yathunthu. Wotchiyo ndinagula mwezi wotsatira, ndipo anailandira atandikana kawiri.

Dzulo, ndikuyang'ana mkonowo, ndinawamva mawu aja bwinobwino, ngati ali pa masitepe a basi. Nkhope ayi, koma mawu. Ndinayankha mokweza kuti, "Pepani chemwali," moti amayi ako okupeza anabwera kuchokera kukhitchini kudzafunsa kuti ndaswa chiyani.

Anthu onse a m'basi ija anachedwa kuntchito tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa aliyense wa iwo.

Ine bambo ako,
ndi dzanja langa